Bokosi la a Pulofesa Likukana Kutsekeka

Ndili m'kalasi ya ku yunivesite, koma mabenchi awachotsa, pansi ayala mphasa ngati pasiwa. Patebulo pali bokosi la maliro la a Pulofesa, amene ankatiphunzitsa za maganizo a munthu ine nditamera kale imvi. Akhala tsonga m'bokosimo, choko chili kukhutu.

Andisankha ine kuti ndinene mbiri ya malemu. Ndikuyamba bwinobwino, kuti anaphunzitsa zaka zambiri, kuti munthu wa nkhawa ankamumvetsera osamudula mawu. Kenako m'kamwa mwanga mukutuluka mchenga wonyowa.

"Madala, zimenezo aliyense akuzidziwa," akutero a Pulofesa. "Nenani zija zinkakuimitsani pakhomo la ofesi yanga, n'kubwerera osagogoda."

Adzukulu akupanikiza chivundikiro, koma chikukana. Mmodzi akupukuta thukuta. "Agogo, tayankhulani msanga, ife dzenje tinamaliza kalekale."

Ndikuti ndinene, lilime silikunyamuka. A Pulofesa akudikira, akudikirabe. Akuyang'ana wotchi yapamkono, n'kugona chagada.

"Nthawi yathu yatha, madala."

Adzukulu akukhoma misomali.

Ndadzuka nsagwada zikuwawa, thupi lotopa ngati ndine ndakumba mandawo.