Fungo la m'bokosi la a Kuramochi

A Kuramochi anameta anthu a ku Nerima mpaka manja atayamba kunjenjemera, koma mukafunsa za iwo palibe amene angatchule lumo. Onse adzakuuzani za maselu. Mkazi wawo, malemu a Hatsue, ankapenta maselu, timapulasitiki toonekera tija ankapangira makatuni a pa kanema. Wa njinga yamoto ankawatula m'mawa, mayiwo n'kumapaka utoto kuseri kwa selu iliyonse patebulo lodyera, atavala magolovesi odula zala. Dzina lawo silinalembedwe paliponse, ndipo filimu ikatha maselu ankatayidwa ngati makoko a mtedza.

Lero makoko aja asanduka chuma, anthu amalimbirana m'masitolo a ku Nakano. A Kuramochi nawo amapitako, koma ogulitsa amawaseka. Ogula anzawo amayang'ana kumaso kwa selu, iwo amaitembenuza, kusaka dzanja la mkazi wawo m'zigamba za utoto. Akakayika amagula, moti bokosi linadzaza ndi za "mwina". Yosakayikitsa inali imodzi yokha, ya kamtsikana kogwira ambulera yofiira, yomwe anaipeza kuseri kwa kabati maliro atatha.

Chaka chino mvula ya mu Juni inadza ndi chinyezi choipa. Mwana wawo Mihoko atangovula nsapato pakhomo anakwinya mphuno.

"Bambo, mwataya viniga?"

"Viniga wa chiyani? Ine ndimaphika ngati?"

"Nanga chikununkhachi?"

"Mphuno yakoyo ndi ya amako. Ankandigwira ndi mowa wa dzana womwe."

Anaseka okha. Mphuno yawo inafa kalekale ndi mankhwala a tsitsi, koma mantha anawagwira, poti aliyense wosunga maselu amalidziwa fungo limenelo. Selu ikayamba kununkha viniga ndiye kuti ikuola. Imapindika, imachita thukuta, utoto n'kumasupuka, ndipo mankhwala ake palibe. Choipitsitsa n'chakuti imapatsira anzake, makamaka m'bokosi lotseka bwino ngati lawolo.

Mihoko anagwada pamphasa, n'kutsegula bokosi lija, n'kuyamba kununkhiza maselu imodziimodzi, yabwino n'kumaiika kumanja. Bambo ake anaima chiimire, akupempha mumtima kuti yodwalayo ikhale ya "mwina". Mulu wa kumanja unkangokula. Atafika pa kamtsikana ka ambulera, Mihoko anabweza mutu msangamsanga. Ngodya imodzi inali itapindika kale.

"Ndi iyi."

"Tanunkhizanso."

"Bambo, mpaka m'maso mukuwawa. Tiyiike payokha m'chipinda chinacho, enawa apulumuke."

"Payokha?"

"Ikangokhala muno, chaka chamawa mudzapeza phala lokhalokha. Si mumati enawa ndi a amayinso?"

"Ndimatero. Koma ndikudziwa ngati?"

A Kuramochi anaitenga seluyo ndi manja awiri. Anaitembenuza n'kuyang'ana kufiira kwa ambulera, komwe kunali kutayamba ming'alu.

"Amako tinawapatulapo kale," anatero. "Chifuwa chachikulu chija, kuchipatala kuja. Tinkawaonera pagalasi, iwe utabisala kumbuyo kwanga. Anapita popanda wowagwira dzanja. Kachiwiri ayi, mwana wanga."

Anaiika pakati penipeni pa mulu, n'kubwezera maselu onse m'bokosi. Kenako anatseka chivundikiro ndi kuchikanikiza ndi bondo mpaka chinagwira.

Mihoko sanawaletse. Anangodzuka n'kukatsegula zenera, ngakhale mvula inkalowa.