Zotsekera Mabotolo 181

Lero ku Kamwala ndaponda chotsekera botolo chadzimbiri, ndipo ndangoima pakati pa anthu ngati wosokonezeka.

Ndili mwana, amayi atamwalira, ananditengera kwa amalume ku Chelstone. Ana awo anayi ankasewera awiriawiri, ine n'kumatsala. Ndiye ndinkatola zotsekera mabotolo kuseri kwa bala, n'kumazisunga m'chitini cha mkaka. Zinkanunkha mowa wouma ndi dzimbiri. Zitakwana 181, ndinazikhuthulira pakhonde kuti ndiziyale m'mizere yofanana.

Ndinayala ziwiriziwiri, chimodzi chinatsala. Ndinayala zitatuzitatu, chinatsalanso. Zinayizinayi, zisanuzisanu, nkhani yake yomweyo. Simenti inkanditentha mawondo, koma ndinayambiranso, poganiza kuti ndalakwitsa kuwerenga.

Amalume anafika kuchokera kuntchito, tayi ali m'manja. Anandifunsa kuti zilipo zingati, anaganiza pang'ono, kenako anaseka.

"Iwe, uzamela nazo imvi izi. Iyo namba ni praimu, siigabika. Olo uyese bwanji, pazankala chosala, pokhapokha uziike zonse mu laini imozi. Taya chabe kamozi, zizakwana bwino."

"Nitaye kati, amalume?"

"Kalikonse. Vonse ni vimozi." Atatero analowa m'nyumba.

Ndinayang'ana chotsala chija, chofiira, chopindika m'mphepete. Kuseri kwa nyumba ana aja ankaimba, chingwe chawo chikumenya pansi. Ndinachipukuta ndi malaya, ndinachifumbata mpaka mano ake anandidinda m'chikhatho, n'kukhala nacho pomwepo, tonse awiri kunja kwa mzere.