Atate Anabatizidwira M'bwato

Atate anga anakana tchalitchi moyo wawo wonse. Anali msodzi wa mu mtsinje wa Lwangwa, ndipo Lamulungu lililonse amayi akamavala bulauzi yawo yoyera, iwo ankangoti, "Mukandiperekere moni kumeneko." Ndiye tangoganizani mmene tinadabwira chaka chimene anadwala, atatiitana ana awo awiri, ine ndi mlongo wanga wamng'ono, n'kutiuza kuti akufuna kubatizidwa.

Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene kwathu ku Kakumbi ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Mimba ya atate inali itatupa, ndipo pa kachipatala ka kwathu anatiuza mosabisa kuti tithamange nawo ku Chipata, akufunika opaleshoni. Ine ndimachapa zovala pa loji ina ya alendo odzaona nyama m'mbali mwa mtsinje, ndipo dalaivala wa motoka imene imakagula zakudya ku Chipata anavomera kutinyamula. Koma atate anati, "Sindikwera motoka ndisanabatizidwe. Mpeni wa dokotala usandipeze ndili chonchi."

Ine ndinati imeneyo si nkhani, tithana nazo lero lomwe. Ndinanama. Ine ndi amayi timapemphera mpingo umene umabatiza ndi madzi a m'kambale, pamutu. Mlongo wanga atakwatira anatsatira mkazi wake ku mpingo womiza munthu yense m'madzi. Atate anayang'ana ine, anayang'ana iye, n'kuti, "Ine ndakulira m'madzi. Kadontho sikanganditsuke. Mundimize." Amayi anatuluka panja. Zaka zonse zija akuwapempherera amuna awo, lero atembenuka, koma atembenukira kwa ena.

Nanga madziwo ali kuti? Mtsinje wa Lupande unali mchenga wokhawokha. Lwangwa inali itaphwa, ndipo m'maiwe otsalawo mvuu ndi ng'ona zinali zitadzazana moti ngakhale atate, akanakhala ndi mphamvu, sakanapondamo. Abusa a mlongo wanga anabwera, anapemphera bwino ndithu, kenako anati, "Tidikire mvula, kadambo kathu kadzaze." Kudikira mvula! Munthu mimba ili ngati ng'oma, inu mukuti tidikire mvula!

Ndinakumbukira kuti kuseri kwa tchalitchi chathu kuli thanki ya simenti imene tinkasungiramo madzi oumbira njerwa. Ndinapita kwa mkulu wa mpingo wathu, bambo wofatsa amene sachoka pakhomo opanda jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ndinagwada, ndinafotokoza. Anati akhale pansi ndi anzawo. Anakhaladi pansi, ndipo yankho linali lakuti thankiyo sangaipereke, chifukwa kutero n'kuvomereza kuti ubatizo wathu ndi woperewera. "Koma ndi kambale, mwana wanga, abusa athu abwera ngakhale madzulo ano." Nditauza mlongo wanga, anati ndisadzivute, abusa ake sakanamiza munthu pabwalo la mpingo wa chiphunzitso cholakwika.

"Cholakwika n'chiyani, iwe?" ndinamufunsa. "Si momwemo unabatizidwira uli kumsana kwa amayi?"

"Kumene kuja kunali kungondinyowetsa," anatero.

Ndikanakhala ndi mthiko m'manja, kaya.

Mkulu uja ndi abusa a mlongo wanga aja anakumana pakhomo pathu, pansi pa mtengo wa mango, aliyense buku lake lili pamwendo. Anaponyerana mavesi mpaka mthunzi unawathawa. M'nyumbamo atate anali kubuula, ndipo ine ndinkamva zonse ziwiri. Motoka ya ku loji inapita ku Chipata, inabwera, inapitanso, ife tili pompo. Ndinafika powakalipira atate enieniwo. "Atate, kodi Mulungu amayeza madzi ndi ndowa? Tiyeni, mukabatizidwa pobwera!" Anang'ung'udza m'Chikunda chawo, n'kutembenukira kukhoma. Anali atasiya ngakhale phala.

Lachisanu masana ndinapita kumjigo mtima uli chikwere. Pamzere panali mayi wina woyandikana nafe, wovala korona m'khosi, mkazi wa msodzi mnzawo wa atate. Anangoti, "Mwaswera bwanji, anzanga? Nanga odwala aja?" Abale inu, ndinaphulika. Ndinanena zonse, za thanki, za mvula, za mavesi, ndipo ndinatukwana mipingo yonse ya m'boma la Mambwe muno, wangawo ndiwo ndinayambira. Misozi inali mbwembwembwe, mjigo nawo unaleka kulira.

Mayiyo anandisiya mpaka ndinatopa. Kenako analoza pansi pa mtengo wa msikidzi, chapafupi pomwepo. "Bwato la amuna anga ilo, langovundikira, ntchito lilibe. Munthu sangagone mmenemo?"

Ndinamuyang'ana. Kumpingo kwawo amabatiza makanda, madzi ake osakwana kapu.

"Inu mumavomereza zomiza?" ndinafunsa.

"Ine ndikuvomereza kuti bambo aja apite kuchipatala," anatero.

Kumbuyo kwake kunali mayi wina wopemphera Loweruka, amene ndinakangana naye kale atandiuza kuti mlamba umene ndimadya ndi wodetsedwa. Anatula chigubu chake n'kuti, "Dzuwa likalowa lero ine sindigwiranso ndowa mpaka mawa madzulo. Ngati n'kutunga, titunge pano." Amayi awiri a mpingo wa ng'oma, aja ovala mikanjo yoyera amene timawaseka kuti amapemphera mozungulira, anali atayamba kale kulivundukula bwatolo.

Mlongo wanga anakawatenga atate pa njinga, akuwakankha pang'onopang'ono, mkazi wake atawagwirira kumsana. Abusa ake anabwera thukuta lili kamukamu, analizungulira bwatolo, analiunguza, kenako anafunsa, "Kodi limeneli ndi la a mpingo uti?"

"Ndi la nsomba, abusa," anayankha mayi wa korona uja.

Sanafunsenso. Tinayamba kuthira madzi. Koma bwato lokhalitsa padzuwa limang'aluka, ndipo chakumchira kwake kunali mng'alu umene unkataya madzi ngati dengu. Ife kuthira, ilo kutaya. Tinawagoneka atate mmenemo mutu mlongo wanga ataugwira, koma chifukwa cha ululu sankatha kuwongola miyendo, ndiye mawondo anali tong'o pamwamba. Abusa anati thupi lonse liyenera kulowa, ngakhale bondo lisaoneke. Ndinatsala pang'ono kuwaveka ndowa kumutu.

Pamenepo ndi pamene anatulukira mkulu wa mpingo wathu pa njinga yake. Anali atamva, ndipo anabwera kudzandichenjeza kuti Mkhristu wa mpingo wathu sayenera kupezeka pa zinthu zotere. Anayamba ndithu kuyankhula, chala chili m'mwamba. Palibe anawamvera, aliyense anali kuthamanga ndi ndowa. Anayang'ana atate akunjenjemera m'madzimo, anayang'ana matope amene anali kufalikira kumapazi kwawo. Kenako ndinangoona avula jekete ija, aipindapinda, agwada m'matopemo n'kuikanikiza pa mng'alu uja ndi manja onse awiri.

"Ine zimenezi sindikugwirizana nazo," anatero, nkhope ili gwaa. "Mumve bwino, sindikugwirizana nazo. Thirani madzi msanga, bondo likuonekabe!"

Madzi anayamba kukwera. Mikono yanga inali itatheratu pa mjigo, ndipo nditati ndipume, wina anandikankha n'kugwira chitsulocho. Anali amayi. Sindinawaone kuti anafika nthawi yanji. Anapopa mano ali chilumire, osayang'ana munthu, ndipo ndowa yomaliza anakaithira okha pa mawondo a amuna awo.

Abusa anati tiyimbe. Koma ndiye chisokonezo! Aliyense anayambitsa ya kwawo, a ng'oma akuwomba m'manja, a Loweruka akukoka mawu, ife tili pakati. Mpaka wina anayamba kanyimbo kamene tonse timaimba pamaliro, poti ndi kokhako kamene tonse tinkakadziwa. Ndinafuna kuwaletsa, koma ndinapezeka ndikuimba nawo. Abusa anawatseka atate pamphuno n'kuwamiza, ndipo kwa kanthawi m'bwatomo munali madzi okhaokha.

Atavuuka anatsokomola, anapukusa mutu, anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi. Kenako anati kwa ine, "Motoka ija ipita liti?"

Inapita m'mawa mwake. Mseu wonse wokwera kumtunda atate anagona pamiyendo panga pakati pa makatoni opanda kanthu, nkhope ili phee, nthawi zina akumwetulira okha. Ine ndinali ndisanawaonepo otero.

Ku Chipata dokotala anali mtsikana wamng'ono kwa ine. Anawagwira pamimba, anawayang'ana m'maso, kenako ananditengera pakhonde. Anati opaleshoni sitheka, thupi lafooka kwambiri, chimene angathe n'kungochepetsa ululu. Atate sanabwererenso ku Kakumbi ndi moyo. Mtsikanayo sanandikalipire. Anangofunsa motsitsa mawu, "Mayi, masiku onsewa munali nawo kuti?"

Ndinati, "Tinali kupemphera."