Nkhuku ya Lusungu ku Limbuli

Tinanyamuka ku Limbe m'mamawa pa basi ya ku Muloza, ine ndi mnzanga Lusungu wa ku Rumphi. Tonse tinali pa koleji, tikuphunzira za malonda. Pa tchuthi ophunzirafe tinkadzipereka kukalangiza timagulu tothandiza anthu, popanda malipiro. Ife anatipatsa gulu la amayi a mpingo ku Limbuli, lomwe linkaphika masikono kuti lizigulira ana amasiye mayunifolomu. Masikonowo ankagona osagulidwa, ndipo gululo linali pafupi kutha. Ku Limbuli ndi kwathu. Ndinachita kupempha kuti anditumize kumeneko, ndikuganiza mmene amayi aja akatcherere khutu mwana wawo wa ku koleji akuyankhula.

Pa depoti anyamata a malaya ofiira anaima pakhomo la basi kuona makhadi a chipani. Tinaonetsa, tinalipira makwacha awiri aliyense, n'kukhala kumbuyo kwa bambo wina yemwe anakoleka tayala la njinga m'khosi. Pa Bvumbwe tinagula nthochi pawindo. Kuchokera ku Thyolo mpaka ku Luchenza ndinkamufotokozera Lusungu nzeru yomwe ndinakhala ndikuiganizira kwa milungu: amayiwo asiye kuphika tsiku ndi tsiku, aziphika ambiri pa tsiku la msika ndi tsiku lomwe othyola tiyi amalandira malipiro, n'kukagulitsira pa chipata cha esiteti.

"Nzeru ndi imeneyo, Enelesi," anatero. "Ukanene wekha, ine ndizikangovomereza."

Pa Chitakale panakwera mayi wina wachikulire. Ataona Lusungu atakakamira pawindo kuyang'ana phiri, anamufunsa kwawo, kenaka anayamba kumuphunzitsa moni wa Chilomwe. Lusungu ankaupotoza, basi yonse n'kumaseka. Mayiyo anamasula kalongonda yemwe anakulunga m'tsamba la nthochi n'kumupatsa. Ine sanandipatse. Ndinadziuza kuti kalongonda ndinamudya kale kokwanira.

Tinatsika pa Limbuli dzuwa lili paliwombo. Wapampando wa gululo anali azakhali anga, mlongo wa bambo anga, ndipo tinawapeza akudikira ndi amayi ena pamthunzi, pafupi ndi uvuni wa njerwa.

"Wafika, Enelesi? Alendo athu ndi awa?" Anagwada pang'ono popatsa moni Lusungu, n'kumukhazika pa mpando wokhawo umene unalipo. "Iwe thamangira kunyumba ukatenge makapu, alendo amwe tiyi."

Ndinapita. Pobwerako ndinapeza Lusungu akubwereza moni wake wopotoka uja, amayi akuwomba m'manja.

Msonkhano utayamba ndinaimirira, ndinakonza chitenje, ndinayamba kufotokoza za tsiku la malipiro. Ndisanafike pakati ndinamva mayi wina akufunsa mnzake, mosanong'ona n'komwe, "Kodi uyu si uja ankalira tikamamumeta?" Anaseka onse. Ndinamaliza mawu anga ndikuyang'ana uvuni.

"Tamva, mwanawe, khala pansi," anatero azakhali. "Tsopano timve alangizi."

Lusungu anayesetsa ndithu. Anayamba ndi kunena kuti iye alibe choonjezera pa zomwe ndanena ine. Atamuumiriza, anabwereza mawu anga omwewo m'Chichewa chake chakumpoto, pang'onopang'ono, akufunsa amayiwo dzina la chinthu apa ndi apo. Asanamalize n'komwe nthungululu zinalira. Amayi anayamba kugawana zipata za maesiteti, wina nanena kuti mwamuna wake ali ndi njinga.

"Amayi, nzeruyi ndi ya Enelesi," anatero Lusungu. "Ine wandiuza m'basi."

Azakhali ananditembenukira. "Waona kudzichepetsa kwake? Iwe uzitengerako."

Sikono yomwe anandipatsa ndinaigwira mpaka inaphwanyika m'dzanja.

Potsazika anamupatsa Lusungu nkhuku yomanga miyendo ndi ananazi atatu. Ine anandiuza kuti ndimunyamulire, chifukwa mlendo sasenza katundu.

Basi yobwerera tinaipeza chakumadzulo. Nkhuku ija inali pamiyendo panga, ndipo tisanafike pa boma inali itandiipitsira chitenje. Titafika ku Luchenza, Lusungu anagula chinangwa chootcha, nanyema, nandipatsa chachikulu.

"Nkhukuyo utenge ndiwe," anatero.

"Sindikuifuna."

"Ndiye tchuthi chinacho tipite kwathu. Kumeneko ine akandituma kumadzi, iwe ukakhala pampando."

Ndinaseka pang'ono, koma mtima sunatsike. Chomwe chinkandiwawa n'chakuti mtsikanayo sanandilakwire paliponse, moti ndinalibe pomukwiyira. Nkhukuyo tinaidya limodzi ku Limbe, kwa achibale ake, ndipo inakoma.

Nzeru ija inagwira. Masikono ankatha pa chipata dzuwa lisanapendeke, ndipo chaka chotsatira ana aja anapita kusukulu atavala. Pa ulendowu ndinaphunzira kuti ukafuna kwanu amve zimene ukunena, upite ndi mlendo akakunenere. Ku Rumphi sindinapiteko. Azakhali anakalamba, koma ndikapita kukawaona amandifunsabe kuti, "Nanga mnzako wanzeru uja ali bwanji?" Ndimayankha kuti ali bwino.