Tsiku limene Tiyamike anakanira bwana wake

Lachiwiri masana ndinali pakhonde ndikupinda zitenje zopita nazo kumsika, pamene ndinamva mwana wanga Tiyamike akulankhula pafoni m'nyumba. Ankayankhula ndi bwana wake wa ku Dar es Salaam, ndipo mawu amene ndinamva bwinobwino anali amodzi: "Hapana."

M'Chiswahili ndiye kuti ayi. Ntchito ya makompyuta imeneyi, yomwe amagwirira konkuno ku Mbamba Bay, anaisaka zaka ziwiri, ndipo mwezi wamawa ndi pamene mabwana ake aone ngati amusungabe. Ndiye lero akuti hapana?

Atangodula foni ndinamulowera.

"Iwe, wapenga? Wamkulu amayankhidwa choncho? Imbanso upepese!"

"Amayi, khalani pansi kaye ndikuuzeni," anatero.

Ndinakhala.

Akuti m'kompyuta muli kachipangizo koganiza, ndipo mmenemo muli timawerengero towerenga zomwe kakuchita: kagwira ntchito zingati, kaima kangati kudikira. Wofuna kudziwa chomwe chikuchedwetsa pulogalamu yake amafunsa timeneti. Koma sangatigwire yekha, amapempha kudzera ku mtima wa makinawo, umene amautcha kenelo. Khomo lopempherapo limenelo ndi lomwe Tiyamike akukonza.

Vuto lake, pa makina awo timawerengeroto tilipo tinayi tokha. Opempha akachuluka amasinthana ngati amayi pamjigo, aliyense nkupatsidwa kanthawi kake. Choncho nambala imene munthu walandira ndi ya kanthawi kokhako, si ya nthawi yonse.

"Bosi akuti ndingochulukitsa nambalayo ioneke ngati tinawerenga nthawi yonse, kasitomala asavutike," anatero. "Ine ndikuti ayi, tipereke zitatu: nambala, nthawi imene anapempha, ndi nthawi imene tinawerengadi. Mwini wake adziwe pamene tinaona ndi pamene tangoganizira."

"Nanga osangochita zofuna zawo, udzakonza m'tsogolo?"

"Khomo limeneli silisinthidwa, Amayi. Anthu akangomangirapo mapulogalamu awo, basi. Bodza likalowa lero, lakhazikika."

Koma kupepesako ndinaumirirabe. Iye sanapepese. M'malo mwake analemba maganizo ake, nkuikapo zomwe anayesa pa makina awiri, nkutumiza kwa mainjiniya akuluakulu amene amaunika ntchito yawo, bwana wakenso akuona.

Abale, tiyeni tinene zoona. Ana athu, makamaka atsikana, timawaphunzitsa chiyani? Kugwada, kuyang'ana pansi ndi kuti "chabwino". Timawatumiza kusukulu kuti akadziwe zinthu, koma akabwera nazo nzeruzo timafuna azisiye pakhomo ngati nsapato. Mmisiri akuona kuti khoma lapendama, koma poti mwini nyumba ndi wamkulu, angoti "zili bwino, bambo". Namwino akuona kuti pepala lalembedwa molakwika, koma akuopa kutchedwa wamwano. Ndiye tikuti ulemu umenewo?

Inde, mawu a akulu akoma akagonera, sindikukana. Koma bwana uja ndi wamkulu pa zaka ndi pa mpando basi. Pa timawerengero tinayi tija wamkulu ndi Tiyamike, amene wakhala nato miyezi isanu mpaka maso kufiira.

Masiku awiri otsatirawo kumsika ndinali ngati mlendo. Wina anandifunsa chitenje chobiriwira, ine nkumupatsa chofiira. Foni ya mwanayo ikangolira, ine kutchera khutu.

Lachisanu m'mawa yankho linabwera. Mainjiniya aja anavomereza njira ya Tiyamike, osachotsapo kanthu. Bwana wake analemba mawu awiri okha: "Sawa, endelea," kutanthauza kuti chabwino, pitiriza. Za mwezi wamawa sananenepo chilichonse, ndipo mpaka pano sitikudziwa.

Komabe ndikunena mosabisa: ndikunyada. Kumsika ndauza aliyense, ngakhale amene sanandifunse. Anzanga a ku Lituhi obweretsa chinangwa ndawafotokozera za kenelo mpaka wina anati, "Mama, sisi tumekuja kuuza tu," kuti iwo angobwera kudzagulitsa basi. Ndinaseka, nkupitirizabe.

Chimene sindinawauze ndikuuzani inu. M'nkhani yonseyi, amene anamukakamiza kwambiri mwanayu kuti asiye zoona sanali bwana wa ku Dar es Salaam. Ndinali ine, mayi wake, amene ndinagulitsa zitenje zaka zonsezi kuti aphunzire.

Nanga inu, kwanuko mukuwatseka pakamwa angati?