Mchenga wa Paphiri Lakuda

Tauni ya Kabwe ndi yosalala ngati mphasa. Phiri lokhalo limene tinali nalo linali lochita kuunjikidwa ndi anthu, mulu wakuda wa zotsalira za mumgodi, pafupi ndi kwathu ku Chowa. Bambo anga, obadwira ku Dedza, ankaliseka kuti ndi chulu. Koma mgodi utatsekedwa anayamba kulikwera m'mawa uliwonse atavala jombo zakuntchito, ati miyendo ingaiwale kuyenda.

Mayi anandikakamiza kuti ndiziwaperekeza chifukwa cha chifuwa chawo. Zinkandinyansa. Mwamuna wanga nayenso ntchito inali itamuthera, ine ndi tomato kumsika, mwana wa zaka ziwiri pakhomo, ndiye ndizikweranso phiri lopanda ndi mtengo womwe? Pamwamba pake tinkangoona fumbi ndi malata adzimbiri a komboni ya Makandanyama. Bambo ankaima akupumira m'mwamba, kenako n'kutsika.

Poti sindikonda kuyenda chimanjamanja, ndinayamba kutenga thumba. Mchenga wakuda wa paphiripo suchita matope, pomwe pabwalo pathu dzinja likafika pankasanduka dambo. Tsiku lililonse ndinkatsika thumba lili pamutu, n'kukathira pakhomo. Mvula itagwa, pathu pokha ndiye panali pouma. Anzanga anandiyamikira, ena n'kutengera. Ndisaname, ndinadziona wochenjera.

Mwana wanga wamkazi ankasewera pamenepo tsiku lonse, zala zili kukamwa. Patapita miyezi anayamba kukana chakudya ndi kulira m'mimba, ndipo timawu tochepa timene ankadziwa tinamuthawa. Tinati ndi njoka zam'mimba, tinati ndi malungo. Pomaliza kuchipatala anamutenga magazi.

"Amai, uyu mwana ali na ledi, uja mtovu, maningi mu magazi," anatero namwino. "Ni poizoni ya mu doti ya ku maini, ku mgodi kuja. Asowela kuti?"

Ndinangomunyamula mwanayo n'kutuluka, funso loti amasewera kuti lili m'mutu.

Nditafika kunyumba ndinatenga khasu. Bambo anabwera ndi fosholo. Tinapala bwalo masiku atatu, koma mvula inali itaukanya kale mchengawo ndi dothi. Tikakumba, pansi n'pakudabe. Manja anga anatuluka matuza. Tsiku lachitatu bambo anakhala pansi akutsokomola.

"Mwanawe, dothi ili ndaligwira moyo wanga wonse. Ndikanakuletsa."

"Munkadziwa kodi?" ndinawafunsa mwaukali.

"Ankatipatsa mkaka kuntchito, ati wotsuka fumbi pakhosi. Ine ndinkabwera nawo kuti muzithira mu tiyi."

Mkwiyo unanditheratu, kunangotsala kutopa. Tinathira dothi lofiira pamwamba, n'kupondaponda. Bambo sanakwerenso phirilo.

M'mimba mwa mwanayo munachira, koma mutu sunabwerere. Sukulu inamukanika. Lero ndi munthu wamkulu, akukhalabe ndi ine, ndipo ndikamutuma mchere amabwera ndi machesi, akumwetulira. Anthu akandifunsa chimene chinamuchitikira, ndimati ndi mgodi, iwo n'kupukusa mitu. Sindinaululepo kuti ndinachita kusenza ndekha.