Tsiku Limene Anayeza Dalitso

Ndikukumbukira sikelo ija bwinobwino, mwina kuposa nkhope ya mlongo wanga Dalitso. Inali yozungulira ngati wotchi ya pakhoma, ya muvi umodzi, ndipo ankaimangirira kunthambi ya mtengo wa mango m'mudzi mwathu, kunsi kwa phiri la Zomba. Pansi pake pankalendewera kakabudula kabuluu konunkha mikodzo ya ana a mudzi wonse.

Chaka chimenecho kunali njala. Mayi ankalawirira kuphiri kukatola nkhuni za paini zokagulitsa ku Matawale, ine n'kutsala ndi Dalitso kumsana. Anali asanayambe kuyenda. Msana wangawu unkadziwa kuti mwanayo akupepuka.

Kusikelo ankapereka ufa wa phala la soya, koma kwa ana okhawo amene muvi wawo sunafike pamzere wina. Amayi ambiri anali ataizindikira sikeloyo. Mwana akamalira ali lende, mayi ake ankayandikira ngati akumutonthoza, n'kumukankhira m'mwamba pang'ono ndi chala kuthako. Muvi unkabwerera m'mbuyo, ufa n'kupezeka. A Nasibeko, oyandikana nafe nyumba, ankatero mwezi uliwonse, chonsecho mwana wawo anali ndi masaya ngati mandasi.

"Inunso teroni," anawanong'oneza mayi tili pamzere.

"Wangayu safunika chala, aliyense akumuona," mayi anayankha.

Tsikulo kunali kamvula kowaza, mtambo utaphimba phiri lonse. Bambo amene ankayeza ana anali atatopa, ndipo anali atagwira kale amayi angapo akuchita zachala zija. Itafika nthawi ya Dalitso, anatilamula kuti tiime patali. Mwana anayamba kulira ndi kupalasa timiyendo, muvi n'kumavina uku ndi uku. Bamboyo anagwira lamba wa kakabudula kuti sikelo ikhazikike, ndipo anawerenga dzanja lake likadali pomwepo, likukokera pansi. Ndinaona ndi maso anga muvi ukudutsa mzere uja.

"Achotse kaye dzanjalo," ndinawauza mayi.

Mayi anapempha mwaulemu, atagwada, kuti amuyezenso.

"Mayi, mukufuna kundiphunzitsa ntchito? Mwana ali bwinobwino uyu. Wotsatira abwere."

Tinabwerera chimanjamanja. M'njira a Nasibeko anatitapirako ufa wawo m'kapu, ndipo mayi analandira osayang'ana nkhope yawo.

Mwezi wotsatira Dalitso anali atatupa mapazi ndi masaya, tsitsi litafiira ngati ndevu za chimanga. Ukamudina ndi chala pankatsala kadzenje. Sanalirenso pomuika m'kakabudula, anangolendewera phee. Muvi unakwera wokha popanda woukoka, poti madzi a m'thupi nawonso amalemera. Bambo uja anawayamikira mayi pamaso pa anthu onse, amvekere ena atengerepo chitsanzo.

Pamene tinkafika naye kuchipatala m'tauni, anamwino anawakalipira mayi kuti anachedwa kuti. Dalitso anamwalira chimanga chisanakhwime.

Masiku ano ndikapita ndi mdzukulu wanga kusikelo, amamugoneka pa kasikelo ka manambala owala, n'kumuyezanso kunenepa kwa mkono ndi kalamba koyezera, n'kumudina phazi. Anthu amati zinthu zinasintha, ndipo n'zoona. Koma mayi anakalamba akudzifunsa ngati analakwa kukana kukankha mwana wawo ndi chala. Ine sindinawayankhepo, chifukwa yankho limene ndinali nalo silikanawatonthoza.